Nayitirojeni tiyambe tamulima, kugula kubwere pambuyo

Mwezi wa Okutobala ukangolowa, nkhani m'boma la Mangochi imakhala imodzi yokha: feteleza. Pa wailesi anthu amaimba foni kudandaula kuti maina awo sakupezeka pamndandanda, m'minibasi za ku Monkey Bay ndi m'magalimoto okwera ku Namwera mkangano umakhala womwewo, ndipo aphungu nawo amauponya m'nyumba ya malamulo. Ena akuti boma liwonjezere chiwerengero cha olandira, ena akuti litsitsenso mtengo wa thumba, pomwe ena akuti pulogalamu yonseyi ya feteleza wotsika mtengo ingothetsedwa chifukwa yadya ndalama kuyambira mu 2005 koma njala ikadali pakhomo. Magulu onsewa amaoneka ngati akutsutsana, koma pali chinthu chimodzi chimene amagwirizana mosadziwa: onse amatenga ngati chonde chimabwera m'thumba la makilogalamu 50 basi, ndiye chotsala n'kukangana kuti alipire ndani. Apa mpamene ine ndikusiyana nawo. Maganizo anga ndi akuti nayitirojeni, mchere umene chimanga chimaufuna kwambiri, tiyenera kuyamba taulima m'munda pogwiritsa ntchito nandolo, mtedza, soya, khobwe ndi mitengo ngati msangu, kenako tizigula wongoonjezera pamene paperewera. Choncho gawo looneka la ndalama za zipangizo zotsika mtengo lichoke ku matumba a yureya lipite ku mbewu za mtundu wa nyemba, ku alangizi ndi ku misika ya mbewuzi. Umboni wina umene ndili nawo ndi wochokera kutali kwambiri, ku zilumba zozizira kumene kulibe mlimi ngakhale mmodzi, ndipo ndifotokoza chifukwa chake ukutikhudza.

Tiyambe ndi kumvetsetsa chimene timagula. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni, ndipo nayitirojeni ameneyu sakumbidwa pansi ngati malasha. Amachokera mumpweya womwe tikupumawu, umene magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitirojeni. Vuto ndi lakuti mumpweya amakhala womangika zolimba, moti chomera sichingamugwiritse ntchito ngakhale chikumira m'menemo usana ndi usiku. Pali njira ziwiri zikuluzikulu zomumasulira. Ina ndi ya kufakitale, imene anaitulukira Fritz Haber ku Germany mu 1909, Carl Bosch n'kuikulitsa mpaka fakitale yoyamba kutsegulidwa mu 1913. Njirayi imafuna kutentha koopsa, kupanikiza mpweya mwamphamvu ndi gasi wambiri, n'chifukwa chake mtengo wa feteleza umakwera gasi akakwera, monga tinaonera nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022. Ife tilibe fakitale yotere, ndiye thumba lililonse limagulidwa ndi madola, kudutsa pa madoko ngati Beira kapena Nacala, n'kudzakwera galimoto mpaka ku Makanjira. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mlimi wa kwa Katuli amene sanaonepo dola anamva kuwawa kwake pamtengo wa thumba. Njira inayo ndi yakale kuposa munthu: mabakiteriya ena, tizilombo tosaoneka ndi maso, ali ndi mphamvu yomasula nayitirojeni wa mumpweya popanda gasi, popanda doko, pakutentha kwa tsiku ndi tsiku.

Kuti tione mphamvu ndi malire a tizilomboti, palibe malo abwino kuposa chilumba cha Surtsey kummwera kwa dziko la Iceland. Chilumbachi kunalibe mpaka mu Novembala 1963, pamene phiri linaphulika pansi pa nyanja, ndipo linapitiriza kulavula chiphalaphala mpaka mu 1967. Chimene chinatsala ndi mwala wakuda ndi phulusa, kopanda dothi, kopanda chonde chilichonse. Boma la Iceland linaletsa anthu wamba kupondako kuti akatswiri aone mmene moyo umayambira pamalo opanda kanthu, ndipo mu 2008 bungwe la UNESCO linachiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, mndandanda womwewo umene pali paki yathu ya ku Cape Maclear. Chomera choyamba chinaoneka m'mphepete mwa madzi mu 1965, njere yake itabwera ndi mafunde. Zina mwa zamoyo zoyambirira kupezeka kumeneko zinali mabakiteriya obiriwira, ooneka ngati ndere, amene amatha kukoka nayitirojeni mumpweya. Komabe kwa zaka pafupifupi makumi awiri zomera zinali zapatalipatali ndi zonyentchera, chifukwa nayitirojeni ankaunjikana pang'onopang'ono zedi. Zinthu zinasintha cha m'ma 1985 ndi 1986 pamene mbalame za m'nyanja zinayamba kumanga zisa mwaunyinji kummwera kwa chilumbacho. Zitosi zawo ndi zotsala za nsomba zinabweretsa nayitirojeni wochuluka kakhumikhumi kuposa wa malo ena onse pachilumbapo, ndipo pamene panali phulusa panamera udzu wothithikana. Ndanena zonsezi dala, osabisa mbali ya mbalamezi, chifukwa anthu amene satsatira maganizo angawa akhoza kuitenga nkhani yomweyi n'kundikwapula nayo, ndipo ndibwereranso kwa iwo.

Chilumba china ndi Marion, cha dziko la South Africa, chimene chili makilomita oposa 1,500 kummwera chakummawa kwa dzikolo, panjira yopita ku Antarctica. Kumeneko mphepo siileka, mvula imagwa pafupifupi chaka chonse, kuzizira kumakhala cha m'ma digiri 5 kapena 6, ndipo mtengo kulibe ngakhale umodzi. Kulibenso chomera chachilengedwe cha mtundu wa nyemba. M'mphepete mwa nyanja chonde chimabwera ndi mbalame ndi nyama za m'madzi zimene zimagona kumtunda, koma mkati mwa chilumba, m'madambo a ndere zonyowa, mabakiteriya obiriwira aja ndi amene amathandiza kukoka nayitirojeni mumpweya, ngakhale kuti kuzizira kumawachedwetsa kwambiri. Tsono tiyerekeze ndi zimene zinachitika pamtunda wa Iceland weniweniwo. Dzikolo linali ndi zipululu za mchenga wakuda chifukwa chodula mitengo ndi kudyetsa nkhosa mopyola muyeso. Mu 1945 mkulu wa zankhalango, Hákon Bjarnason, anabweretsa kuchokera ku Alaska njere za lupine, chomera cha banja la nyemba. Chomerachi chinamera pamchenga umene palibe china chinkameramo, n'kuusandutsa dothi, moti lero chafalikira mpaka anthu akumeneko akukangana ngati n'chabwino kapena chasanduka udzu woononga zomera zawo. Phunziro lake ndi ili: pamene mabakiteriya akugwira okha, ntchito imayenda mwakachetechete ndi mochedwa, akapeza chomera cha mtundu wa nyemba chowasunga m'mizu ndi kuwadyetsa, ntchito imathamanga mpaka kuoneka ndi maso, ngakhale m'dziko la chisanu. Nanga kuli bwanji kuno, kumene dothi ndi lofunda chaka chonse ndipo mbewu zoterezi tili nazo kale m'nkhokwe?

Zimenezi si za azungu okha, zikuchitika pakhomo pathu pomwe. Aliyense amene anayendapo pabwato kudutsa chilumba cha Boadzulu amadziwa miyala ndi mitengo yoyera mbuu ndi zitosi za mbalame zodya nsomba. Ndi ntchito yomwe ija ya mbalame za ku Surtsey, yotuta chonde m'madzi kuchiika kumtunda. Ndere zimene nsomba za mbuna zimapala pamiyala ya ku Thumbi ndi Domwe nazo zili ndi mabakiteriya okoka nayitirojeni. Kumtunda, msangu umachita zodabwitsa zake: umayoyola masamba mvula ikamayamba, n'kuphukira m'chilimwe, moti chimanga cha pansi pake chimalandira manyowa popanda kulandidwa dzuwa. Makolo athu m'mbali mwa nyanja sankaudula msangu poswa mphanje, ndipo sankafunika buku kuti adziwe chifukwa chake, ankangoona kubiriwira kwa mapesi a pansi pa mtengowo. Amene akufuna kuona fakitale yeniyeniyo azule phata limodzi la mtedza ukamachita maluwa, alitsuke mizu m'madzi. Aona timibulu tating'ono tomamatira kumizu ngati mikanda. Atswanye kamodzi ndi chikhadabo: mkati mukakhala mofiirira ngati nyama yaiwisi, ndiye kuti tizilombo tili pantchito, mukakhala moyera kapena mobiriwira, ndiye kuti sitikugwira kanthu. Chomeracho chimapatsa tizilombo shuga wochokera m'masamba, tizilombo timabweza nayitirojeni. Akatswiri awiri a ku Germany, Hellriegel ndi Wilfarth, anatsimikiza zimenezi m'zaka za m'ma 1880, feteleza wa kufakitale asanabadwe n'komwe.

Tsono timve otsutsa. Mfundo yawo yamphamvu kwambiri, imene ndimailemekeza, ndi yakuti njira ya chilengedwe ndi yochedwa ndiponso yoperewera. Iwo amati banja likufuna nsima chaka chino, osati zaka zisanu zikubwerazi, ndipo chimanga cha haibulidi n'chosusuka, sichidikira masamba a nandolo kuti aole. Akhoza kuloza ku Surtsey komwe kuja n'kunena kuti, taonani, ngakhale kumeneko zinthu zinayenda pamene chonde chinabwera kuchokera kunja. Amalozanso ku Sri Lanka, kumene boma linaletsa mwadzidzidzi feteleza wogula kunja mu Epulo 2021, zokolola za mpunga n'kutsika, mpaka lamulolo linasinthidwa chaka chisanathe. Zonsezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake sindikunena kuti feteleza atayidwe. Koma tiyeni tiyang'ane bwino. Ku Surtsey ntchito inkachedwa, mwa zina, pazifukwa ziwiri, kuzizira ndi kusowa kwa zomera za mtundu wa nyemba, ndipo zonse ziwiri kuno kulibe. Nandolo kapena mtedza wosamalidwa bwino umatha kukoka makilogalamu makumi angapo a nayitirojeni pa hekitala m'nyengo imodzi, zimene zikufanana ndi thumba la yureya kapena kuposerapo. Ndivomereze kuti si yense amene amatsala m'munda. Soya amatengera nayitirojeni wambiri m'njere zimene timakagulitsa, ndipo nyemba wamba sizikoka wochuluka. Nandolo ndiye ngwazi pankhaniyi, chifukwa amakhala m'munda miyezi yambiri, mizu yake imalowa pansi kwambiri, ndipo amayoyola masamba mpaka kuphimba nthaka. Chachiwiri, ndipo ichi n'chimene chimaiwalika pamikangano ya pa wailesi, feteleza yemweyo amagwira ntchito mosiyana malinga ndi dothi limene wagweramo. Pamchenga wa m'mbali mwa nyanja umene walimidwa chimanga chokhachokha zaka makumi atatu, yureya wina amauluka ndi dzuwa, wina amatsika ndi mvula yoyamba yamphamvu, ndipo wotsalayo amagawana ndi kaufiti. Kuthira feteleza m'dothi lotere kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Dothi limene lalandira masamba ndi mizu yoola limasunga chinyezi ndi mchere, ndiye theka la thumba limachita zimene thumba lonse limalephera. Ku Makoka, kufupi ndi Zomba, akatswiri akhala akuyesa kulima chimanga pakati pa mitengo ya gliricidia kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo chimene chimaoneka mobwerezabwereza n'chakuti mitengo ndi feteleza wochepa pamodzi zimaposa chilichonse chili chokha. Pali chinthu chinanso chimene chikundiletsa kunena kuti thumba lichoke: tizilombo tija timafuna fosifolasi kuti tigwire ntchito, ndipo fosifolasi sapezeka mumpweya. Ameneyo tidzagulabe. Funso ndi lakuti, madola ochepa amene tili nawo tiziwathera pa mchere umene sitingaupange, kapena pa umene uli pamwamba pa munda uliwonse?

Ena amatsutsa ndi nkhani ya malo. Amati mabanja ambiri ali ndi munda wosakwana hekitala, ena ngakhale theka silikwana, ndiye kuwauza za kasinthasintha wa mbewu n'kuwanyoza, chifukwa mzere uliwonse wopita ku mtedza ndi mzere wochoka ku nsima. Dandaulo limeneli n'lomveka, makamaka kwa Mponda ndi kwa Chimwala kumene anthu achulukana. Komatu yankho lake alimi a m'chigawo chakummwera analipeza kale, alangizi asanabwere: kusakaniza. Nandolo amakula pang'onopang'ono miyezi yoyamba, motero salimbana ndi chimanga. Chimanga chikakololedwa mpamene iye amatambasuka, akumwa chinyezi cha pansi chimene chimanga sichikanachifika. Malo amene chimanga chataya ndi ochepa, koma banja lapeza ndiwo, nkhuni za mapesi ake ndi masamba obwezeretsa chonde. Palinso njira yobzala mtedza ndi nandolo m'munda umodzi, chaka chotsatira n'kubzalamo chimanga, imene inayesedwa ndi alimi a ku Ekwendeni ndi madera ena mpaka unduna wa zamalimidwe unaivomereza. Ndiponso tisamawerenge chakudya m'matumba a chimanga okha. Ana ambiri m'boma lino ndi opinimbira ngakhale tili m'mbali mwa nyanja, chifukwa chambo chinasanduka ndiwo ya alendo ndipo usipa nawo ukukwera mtengo chaka ndi chaka. Mzere wa mtedza umene wasanduka nsinjiro m'phala la mwana sunatayike ayi. M'chaka cha ng'amba ngati cha 2024, pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, amene anathira ndalama zonse pa chimanga ndi feteleza anataya zonse ziwiri, pomwe nandolo ndi khobwe zimapirira dzuwa kuposa chimanga.

Mfundo yachitatu ndi imene imandipweteka, chifukwa amene amainena anapsa nayo kale: msika. Mu 2015 ndi 2016 mtengo wa nandolo unali wokoma chifukwa India inkagula kwambiri, alimi anakulitsa minda, ndiye mu Ogasiti 2017 dziko la India linaika malire a nandolo wolowa m'dziko mwawo. Mtengo unagwa pansi, anthu anatsala ndi matumba m'nyumba akufumbwa, mavenda akutchula mtengo umene akufuna. Mlimi amene anaona zimenezo ukamuuza lero kuti abzale nandolo amakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo sindingamudzudzule. Komabe tikaiona bwino nkhaniyi, si umboni wotsutsa nandolo, ndi umboni wotsutsa kudalira wogula mmodzi wa kutsidya la nyanja, matenda omwewo amene tikudwala podalira wogulitsa feteleza wa kutsidya la nyanja. Mu 2021 Malawi ndi India anasainirana mgwirizano woti tizitumiza matani 50,000 a nandolo pachaka kwa zaka zisanu, zimene zikusonyeza kuti boma likafuna, nkhani ya msika limatha kuikhalira pansi. Ndipo msika wina uli mkati mom'muno. Sukulu zophika phala, sukulu zogonera komweko, zipatala, ndende ndi asilikali amadya tsiku lililonse ndi ndalama za boma. Lamulo loti gawo la chakudya chimenechi lizigulidwa kwa magulu a alimi a m'boma lomwelo, likhale nandolo, soya, khobwe ndi mtedza, lingapatse mlimi wa ku Lungwena chitsimikizo chimene sanakhalepo nacho. Makampani a mafuta ophikira ndi a chakudya cha nkhuku amafuna soya chaka chilichonse. Mtedza wathu unali ndi mbiri kunja kale, unataya misika ina chifukwa cha chuku, ndipo chuku ndi vuto la kaumitsidwe ndi kasungidwe limene mlangizi mmodzi wokhala ndi njinga yoyenda angalichepetse m'midzi ingapo. Pa ndalama pafupifupi K160 biliyoni zimene zinaikidwa mu pulogalamu ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP chaka chake choyamba mu 2020, kagawo kakang'ono chabe kakanakwanira njinga zimenezo. Chomvetsa chisoni n'chakuti pulogalamu ya FISP, imene inalipo AIP isanabwere, inkapereka kaphukusi ka mbewu ya mtundu wa nyemba pambali pa chimanga, ndipo AIP itayamba maso onse anapita ku matumba awiri ndi mbewu ya chimanga, mapira kapena mpunga.

Palinso amene amangoseka, amati izi ndi nkhani za mabungwe, zofuna kutisunga pa ulimi wa agogo pamene anzathu akulima ndi makina. Awa ndingowayankha ndi Brazil. Dzikolo ndi limene limakolola soya wochuluka kuposa lina lililonse padziko lapansi, minda yake ndi ya mathirakitala ndi ndege, koma soya wawo pafupifupi yense sathiridwa feteleza wa nayitirojeni. Amapaka mbewu ndi mabakiteriya asanabzale, ntchito imene inakula chifukwa cha kafukufuku wa akatswiri ngati Johanna Döbereiner, ndipo mu 2025 katswiri wina wa kumeneko, Mariangela Hungria, analandira mphotho ya World Food Prize chifukwa cha ntchito yomweyi. Kuno nakonso mankhwala opaka mbewu ya soya amenewa, amene alangizi amawatchula kuti inokyulanti, amapangidwa. Ku Chitedze anayamba kalekale ndipo tsopano amapezeka m'timapaketi m'masitolo ena a zaulimi. Kapaketi kake kamalowa m'thumba la malaya ndipo mtengo wake sungayerekezedwe ndi wa yureya. Vuto lake ndi lakuti muli zamoyo, ndiye kakasiyidwa padzuwa la Mangochi pashelefu ya pansi pa malata, tizilombo timafa mlimi n'kugula fumbi. Kuonetsetsa kuti mapaketi ofika ku Malindi ndi amoyo ndi ntchito ya sayansi yamakono, si ya agogo ayi. Mitundu ina ya soya ngati Tikolore imatha kugwirizana ndi tizilombo topezeka kale m'nthaka, ngakhale nayonso imachita bwino ikapakidwa.

Kwa amene akuti pulogalamu ingothetsedwa mawa, sindili nanu. Banja limene dothi lake latheratu silingadumphe kuchoka pa matumba awiri kufika pa zero popanda kugona ndi njala, ndipo Sri Lanka yatiphunzitsa kale. Chimene ndikufuna n'chakuti ndalama zisunthe chaka ndi chaka, poyera, mlimi akudziwiratu: wolandira thumba alandirenso mbewu yabwino ya nandolo kapena mtedza yokwana gawo la munda wake, osati kaphukusi kongonyambita, ndipo mbewuyo ifike mvula isanagwe.

Koma ngakhale boma litachita zonsezi, pali chopinga chimodzi chimene sichili ku Lilongwe, chili m'mudzi, ndipo andale sachikhudza chifukwa chilibe mavoti: mbuzi ndi moto. Chimanga chikangochoka m'munda mu Epulo kapena Meyi, ziweto zimamasulidwa kuti zizidya paliponse, pamene nandolo wa makolo akufunika miyezi ina itatu kapena inayi kuti akhwime. Mayi amene wabzala nandolo amadzuka m'mawa n'kupeza mbuzi za mnansi zitaimirira ndi miyendo iwiri zikukunkha maluwa, ndipo akapita kukadandaula amauzidwa kuti nyengo yomanga ziweto inatha. Chaka chotsatira sabzalanso, kapena amasankha mtundu wocha msanga ngati Mthawajuni, umene umathawa mbuzi koma sukhalitsa m'munda mokwanira kusiya masamba ambiri. Kenako mu Seputembala, pososa minda, masamba ndi mapesi amene atsala amaunjikidwa n'kuyatsidwa, ndipo nayitirojeni amene tizilombo tinamukoka nyengo yonse amabwerera mumpweya ndi utsi m'mphindi zochepa. Phulusa limasunga michere ina, koma iyeyu ayi. Apa sipafunika dola ngakhale limodzi. Mafumu athu anasonyeza kale kuti amatha kukhazikitsa malamulo a m'dera pankhani ya usodzi, kutseka nyanja nyengo yoswana nsomba ndi kulanda maukonde oletsedwa kudzera m'makomiti a m'magombe. Mphamvu yomweyo ingagwire ntchito kumtunda. A gogo chalo a kwa Jalasi, kwa Bwananyambi, kwa Chowe ndi kwa Nankumba atakhala pansi ndi khonsolo, angagwirizane kuti m'midzi yolima nandolo mbuzi zizikhala pachingwe kapena ndi mbusa mpaka kumapeto kwa Ogasiti, woyatsa moto m'munda wa mnzake azilipira chindapusa, ndipo wodula msangu wa m'munda aziyankha kubwalo. Eni mbuzi adzadandaula, ndipo dandaulo lawo lili ndi mutu, chifukwa msipu wa m'chilimwe ndi wosowa. Pamgwirizano womwewo pakhale mfundo yoti makoko a nandolo ndi masangwi a mtedza azipatsidwa kwa eni ziweto akakolola, iwo azibweza manyowa a m'khola.